Zikomo posatichotsa pakhonde: kalata kwa eni nyumba ya masitolo pa Kasungu

Okondedwa Bwana Manejala,

Ndine telala uja wokhala kumapeto kwa khonde, moyang'anana ndi msewu wa M1, amene munandipeza ndikupinda thalauza tsiku lomwe munabwera ndi anyamata oyeza makoma. Tsiku limenelo moni wanu ndinauyankha mokoka, mundikhululukire. Mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinkadziwa kuti nyumba ikati ikonzedwe, oyamba kuuzidwa kuti anyamule katundu timakhala ife apakhonde.

Nyumba yanuyi ndinaidziwa ndili kamwana. Inali sitolo ya mmwenye, ndipo malemu bambo anga ankasoka pakhonde lomweli ndi makina a Singer opalasa ndi phazi, omwewa ndikudyera mpaka lero. Munthu ankagula nsalu m'katimo, n'kutuluka nayo kuti bambo amuyeze. M'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu litalamula kuti amwenye achoke m'madera ngati kuno akachitire malonda m'mizinda, zitseko zinakhomedwa. Kenako nyumbayi inayenda m'manja ambiri: golosale, ogulitsa feteleza, ngakhale anyamata oonetsa vidiyo. Khonde lokha ndilo silinasinthe mwini.

Achinyamata amene amadzajambulitsa pakhoma lanu latsopanoli sakhulupirira ndikamawauza kuti kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo silinkalola mayi kuvala thalauza poyera. Thalauza loyamba la mzimayi ndinalisokera pompano, ndikucheukacheuka ngati ndaba.

Koma kunena zoona, nyumbayi inali itatha. Mvula ikayamba tinkatchera mabeseni m'masitolo, malata atachita dzimbiri mpaka kuonetsa nyenyezi. Makoswe anandidyerapo nsalu ya chikwati ya eni ake, ndinalipira ndekha. Chimbudzi chinali chimodzi, chopanda chitseko, ndipo nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 amayi ogulitsa mandasi pafupi nane ankabwera ndi madzi m'zigubu kuchokera kunyumba.

Malata atsopano, simenti yapansi, mpopi ndi zimbudzi ziwirizo aliyense akuziona, sinditayirapo mawu ambiri. Chimene chandilembetsa kalatayi ndi momwe munayendetsera ntchito. Munayamba mbali imodzi, ife n'kusunthira mbali inayo, mutamaliza tinasinthana. Sindinatsekepo makina ngakhale tsiku limodzi. Komanso munamvera titakupemphani kuti fumbi lithe msika wa fodya wa ku Chinkhoma usanatsegulidwe. Mlendo sangazimvetse zimenezi, koma kuno ndalama imayenda mlimi akagulitsa fodya. Ndi pamene bambo amasoketsa suti, mayi zitenje zitatu nthawi imodzi, ana mayunifolomu. Telala akaphonya miyezi imeneyo, chaka chonse amadya ngongole.

Ndikudziwanso kuti simunamange pa nthawi yophweka. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi penti zinakwera mtengo, ambiri anasiya nyumba zawo pa windo. Ife tinkangoti basi, lendi ibwera yoti tithawe tokha. Munakweza, inde, koma munatiitana kaye n'kukhala nafe pansi, ndipo apakhondefe munatipatsa kapepala kosonyeza kuti malowa ndi athu mwa pangano. Bambo anga anasokera pano moyo wawo wonse opanda kapepala kotero.

Magetsi a dzuwa aja andithandiza kuposa momwe ndinkaganizira. Maso akutha, ndipo madzulo ndinkalephera kulowetsa ulusi pa singano. Potsetsereka paja munapakonzera anzathu oyenda pa njinga za olumala, akabaza ayamba kuimikapo njinga zawo, mwina alonda muwauzeko. Penti yobiriwirayo ineyo sinandigwire mtima, koma adzukulu anga akuti ndi ukalamba chabe.

Pempho langa ndi limodzi. Dzuwa la mu Okutobala limalowa pakhonde kuyambira masana, ndipo misomali yomwe tinkakolekapo chiguduli inapita ndi khoma lakale. Sindikufuna kuboola khoma lanu mwakuba. Mutatiikira timbedza tiwiri, nsalu yotchinga ndisoka ndekha, yogwirizana ndi penti yanuyo.

Tsiku lija ndinaona kuti thumba la jekete yanu lasomphoka kumanzere. Mukadzabweranso mudzaisiye pamakina panga, mukamatuluka m'masitolomo mudzaipeza itatheka. Ndalama musatulutse.

Ine wanu,
Telala wa kumapeto kwa khonde,
Kasungu