Kwa eni galaja: katatu konse mwaigwira galimoto yanga koma chiwongolero chikuvinabe

Abwana, ndalemba pano poyera chifukwa foni mwasiya kuyankha ndipo pa WhatsApp mumangowerenga nkukhala chete. Dzina la galaja sinditchula, eni ake mukudzidziwa.

Land Cruiser 80 yanga ya 1996 ija ndinabwera nayo ndi vuto limodzi lokha. Ikafika pa 80 kapena 90 nkugunda kabampu kapena polumikizira mlatho, kutsogolo konse kumayamba kugwedezeka, chiwongolero kumachita kukulanda m'manja uku ndi uku, ndipo sizisiya mpaka utatsika kufika cha m'ma 40. Ndinafotokoza bwinobwino zonsezi koma mnyamata wanu wa pa kauntala anangolemba pa job card kuti galimoto ikunjenjemera, basi.

Ulendo woyamba munapanga balansi matayala ndi alayimenti. Sindinatsutse, tayala lopanda balansi limanjenjemeretsadi galimoto, olo matope ouma mkati mwa limu amatero. Koma kunjenjemera kwa tayala kumadziwika, kumabwera pa liwiro lomwelomwelo tsiku lililonse kaya msewu ndi wosalala bwanji. Yangayi pa msewu wabwino imayenda phee mpaka itagunda kanthu. Mukanangosinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo nkukaiyesa mukanaona nokha kuti vuto silinasunthe.

Ulendo wachiwiri munati ndi steering damper, ndigule yatsopano. Ndinagula. Masabata awiri zinali bwino ndithu mpaka ndinakutumizirani uthenga wothokoza, ndikauwerenga pano ndimadzimvera chisoni. Sabata yachitatu ndatenga mayi akunyumba ndi ana, thiraki ikubwera kutsogolo, galimoto inayambanso zake zija, ana kukuwa kumbuyoko, ine ndakakamira chiwongolero manja onse awiri ndikuopa kuponda buleki mwamphamvu, ndinangochotsa phazi pa moto mpaka inadekha yokha m'mbali mwa msewu. Damper ija ndi kashoko chabe abwana, imafewetsa kugunda kobwera ku chiwongolero, simanga chitsulo chomasuka. Munangoyabisa matenda, ndipo itatopa anatulukiranso.

Ulendo wachitatu ndiye munandiseka nawo. Makaniko wanu anaizungulitsa kuseri kwa galaja pa 40 nkubwera kudzati palibe vuto mdala, mwina ndi mayendetsedwe anu. Vuto la pa 90 mungalipeze pa 40?

Loweruka lapitali bambo ena achikulire omwe anapuma ntchito ya umakaniko anandithandiza pakhomo pompano, opanda makina aliwonse, tochi ndi jeke basi. Galimoto ili pansi matayala onse anayi, mwana wanga wamkulu akugwedeza chiwongolero pang'onopang'ono kumanzere kumanja, ife tagona kunsi. Sipanathe mphindi 10. Panhard rod, chitsulo chopingasa chija chomwe chimagwira ekiselo yakutsogolo kuti isamayende cham'mbali, mbali ya ku chassis inkasewera moonekeratu ndi maso, bushi itang'ambika mphira ukuchita kuyoyoka, bawuti ili lendelende mpaka bowo lake layamba kukula ngati dzira. Anandigwiritsa dzanja pa tie rod end ya kumanzere, polumikizira chitsulo chomwe chimakhotetsa matayala, ndinamva ndekha kho kho kho nthawi iliyonse mwana akakhotetsa. Ndiye ndifunse, alayimenti ija munaipanga bwanji pa tie rod yosewera chonchi? Manambala ake anakhazikika pati?

Kenako tinaikweza pa jeke. Kugwira tayala pamwamba ndi pansi nkuligwedeza, likusewera. Iwo anati mwana aponde buleki, tigwedezenso. Akuti ikanakhala wheel bearing, yomwe tayala limazungulirapo, kusewerako kukanatha buleki ikagwira, koma kunalipobe, kusonyeza kuti ndi ma bearing a kingpin, aja a pamwamba ndi pansi pa knuckle (chitsulo chomwe chimakhota pamodzi ndi tayala) omwe amamangidwa ndi mashimu, tizitsulo topyapyala tija. Galimoto za ekiselo imodzi yolimba kutsogolo ngati imeneyi, Patrol, Defender, zikakalamba malo oyamba kuyang'ana ndi amenewa, ndipo pa chikwangwani chanu munalemba nokha kuti ndinu akatswiri a 4x4.

China, tsiku loyamba lomwe ndinakuuzani kuti mwini wake wakale anaikweza ndi masipuling'i aatali. Kukweza kotere kumachepetsa caster, kupendekeka kwa kingpin komwe kumabweza chiwongolero pakati chokha, ndipo caster ikachepa galimoto sichedwa kuyamba kugwedezeka. Pepala la alayimenti ndinalipempha kawiri kuti ndione manambala, mpaka lero akuti printer inafa.

Kuti galimoto ndi yakale ndikudziwa, zitsulo zimatha, zimenezo sindikukuimbani nazo mlandu. Chomwe chandiwawa nchakuti katatu konse palibe anagona kunsi kwake, mumangolota chinthu nkundiuza ndigule, ine nkumanyamula banja ndikuganiza kuti yakonzedwa.

Ndikufuna mundibwezere ndalama ya damper ndi ya ntchito ya ulendo wachiwiri ndi wachitatu. Damper yanga yakale sinkadontha mafuta, ndiipeze, yatsopanoyi ndikubweretserani. Pepala la alayimenti lija mulisake. Malisiti onse atatu ndili nawo, vidiyo ya bushi ija ndakutumizirani kale ndipo ndaona kuti mwaitsegula. Ndibwera Lolemba 8 koloko m'mawa, wapansi, galimotoyo simuigwiranso.