Tizilombo todyedwa si chakudya cha njala

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu yomwe inatchula kudya ngumbi ndi ziwala ngati njira yongopulumukira njala.

Ndakula ndikudya ngumbi. Mukazikazinga pa moto wochepa, osathira mafuta, zimatulutsa mafuta akeake, mapiko n'kuthothoka, fungo n'kudzaza nyumba yonse. Sitinkadya chifukwa chosowa ndiwo ayi, tinkazikonda.

Ndipo si ife tokha. Lipoti la mu 2013 la FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, linati anthu pafupifupi 2 biliyoni amadya tizilombo, ndipo mitundu yodyedwa imaposa 1,900. Ku Oaxaca m'dziko la Mexico ziwala zokazinga ndi tsabola zimagulitsidwa pamsika. Ku Thailand alimi pafupifupi 20,000 amaweta nkhululu, zomwe zimadya chakudya chochepa kwambiri poyerekeza ndi ng'ombe kuti zipereke zomanga thupi zofanana. Ngakhale mayiko a European Union, omwe ankanyansidwa ndi kudya tizilombo, analola mu 2021 kugulitsa mphutsi zouma kuti anthu azidya.

Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi mankhwala. Dzombe likapoperedwa mankhwala ophera tizilombo m'minda, wina n'kulitola kukagulitsa, wodya ndiye amalowa m'mavuto.

Choncho ndikupempha kuti oyang'anira zaumoyo akhazikitse malamulo a kagwiridwe, kaumitsidwe ndi kagulitsidwe ka tizilomboti, ndipo alangizi a zaulimi aphunzitse anthu kuweta. Paketi iliyonse izichenjezanso omwe thupi lawo limadana ndi nkhanu, chifukwa tizilombo timatha kuwayambitsa vuto lomwelo.

Wowerenga wanu