Dandaulo kwa oyang'anira garaja: musaphwasule injini musanandionetse zimene mwapima

Bwana woyang'anira garaja, ndalemba poyera pano chifukwa mauthenga amene ndakhala ndikutumiza ku ofesi yanu sakuyankhidwa, pamene galimoto yanga ikadali m'manja mwanu ndipo vuto limene ndinaibweretsera silinathe.

Galimotoyi ndi ya petulo, yopangidwa mu 2004, ndipo vuto lake ndi lakuti sikukoka. Pamsewu wopanda zitunda imayenda ndithu, koma ikayamba kukwera imafooka ngakhale nditatsitsa giya, ndipo injini ikatentha kufookako kumanyanya. Amakaniko anu anasintha mapulagi, kenako pampu ya mafuta, kenakonso sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, ndipo chilichonse ndinalipira popanda kunyinyirika, koma pachitunda galimoto ikuchitabe zomwezo. Tsopano mwandiuza, pakamwa pokha, kuti injini yatha ndipo iyenera kuphwasulidwa yonse, pamtengo umene ukuyandikira ndalama zimene ndingapeze nditagulitsa galimotoyo.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zonsezi zachitika mongoyerekeza. Pampu isanachotsedwe, makaniko amayenera kulumikiza geji papaipi ya mafuta kuti aone ngati petulo akufika ndi mphamvu imene opanga galimoto analemba. Nditafunsa nambala imene geji inaonetsa, ndinangouzidwa kuti pampu za magalimoto akale zimakhala zotopa. Pansi pa chiwongolero pali polumikizira makina a OBD-II owerenga zovuta zimene kompyuta ya galimoto yasunga, amene akanasonyeza, mwachitsanzo, nambala ya vuto P0300 ngati masilinda sakuwotcha bwino mafuta, koma sindinaonetsedwe chilichonse chimene makinawo anawerenga.

Kunena kuti injini yatha kumafuna umboni, ndipo umboniwo sutenga tsiku lonse kuupeza. Amakaniko amachotsa mapulagi, n'kulowetsa geji yopima mphamvu ya mpweya wopanikizidwa pa silinda iliyonse, n'kuzungulitsa injini ndi sitata, kenako n'kulemba manambala. Injini ikakhala yabwino, manambalawo amayandikana, ndipo amakaniko ambiri amayamba kukayikira akasiyana kupitirira 10 peresenti. Silinda ina ikatsika, amathiramo oyilo pang'ono n'kupimanso: nambala ikakwera ndiye kuti maring'i a pisitoni adyeka, ikapanda kukwera amakayikira mavalavu kapena gasiketi. Kwa ine wolipira kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa mavalavu amakonzedwa pochotsa mutu wa injini wokha, pamene maring'i amafuna kutsegula mpaka pansi. Komanso galimoto yangayi situlutsa utsi wabuluu ndipo simwa oyilo, zomwe zimaoneka kawirikawiri maring'i akatha.

Palinso chinthu chimene palibe anachitchula n'komwe. Catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi chimene chili papaipi yotulutsira utsi, ikatsekeka, utsi umasowa potulukira ndipo injini imabanika, makamaka pachitunda, monga momwe yangayi ikuchitira. Kungomasula sensa ya okosijeni yakutsogolo kwake n'kuyesa galimoto kwa kanthawi kochepa kukanapereka chithunzi. Sindikunena kuti vuto lili pamenepo ayi. Ndikunena kuti zopima zotchipa ziyenera kutsogola, zokonza zodula zibwere pambuyo.

Mwini galimoto yakale amayenera kusankha pakati pa kukonza injini yomweyo, kuikamo ina yogwirapo kale ntchito, kapena kuigulitsa galimotoyo momwe ilili, ndipo posankha amaganiziranso kilatchi, giyabokosi ndi dzimbiri, poti injini yatsopano m'galimoto yotha kwina konse ndi ndalama zotayika. Sindingathe kusankha mwanzeru ndilibe nambala ngakhale imodzi m'manja.

Choncho ndikupempha kuti mundipatse zotsatira za silinda iliyonse zolembedwa papepala, pamodzi ndi kotesheni yolekanitsa mtengo wa zipangizo ndi wa ntchito. Mundibwezerenso pampu ndi sensa zimene munachotsa kuti ndikazipimitse kwina, ndipo zikapezeka kuti zinali zabwino, ndiyembekezera kuti ndalama zake zibwezedwe. Kufikira nditalandira zimenezi, sindinavomereze kuti aliyense amasule bawuti ngakhale imodzi pa injiniyo.