Kalata kwa mwana wanga ku Tete, za kutsamwa ndi kubweza mkaka kwa khanda

Ulongwe, Angónia

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi bambo a mwana ndi mdzukulu wangayo. Chilankhulirane chathu pa foni Lamlungu lija mtima wanga sunakhazikike, makamaka chifukwa cha zimene unandiuza, kuti mwana anatsamwa usiku mpaka mkaka kutulukira m'mphuno, ndipo iwe unachezera kumuyang'ana pachifuwa kuti uone ngati akupuma. Pa foni sindinathe kunena zambiri popeza unali kulira, n'chifukwa chake ndalemba, kuti uziwerenga mofatsa ndiponso uwerengere amuna ako ndi mtsikana amene amakuthandizayo.

Ndiyambe ndi kukutsitsa mtima pa za kubweza mkaka, chifukwa ndinamva kuti ukuphatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Mwana wa masabata 6 ngati wakoyo ali ndi kachifu kakang'ono kwambiri, ndipo pakhomo pa kachifuko pali mnofu umene ntchito yake ndi kutseka kuti zimene zalowa zisabwerere kukhosi. Mwa khanda mnofuwo umakhala usanakhwime, uli ngati chingwe chomangidwa molobodoka pakamwa pa thumba la chimanga, moti ukangoligoneka pansi chimanga china chimatayika. Choncho mwana akakhuta, n'kugeya, n'kutulutsa timkaka tochepa osavutika, kenako n'kumaseweretsa miyendo, ameneyo sakudwala. Zimenezi zimachuluka mwana akamayandikira miyezi 4, zimachepa akayamba kukhala pansi, ndipo ana ambiri amaleka akamakwanitsa chaka. Mkaka umaoneka wambiri ukamwazika pa kapulana, koma sikelo ndiyo imanena zoona: ngati mzere wa pa kadi lake ukukwera ndipo akunyowetsa matewera 6 kapena kuposerapo pa tsiku, ndiye kuti akukhuta.

Kutsamwa ndi nkhani ina, ndipo apa ndipo ndikufuna uikepo mtima. Kumachitika mkaka ukafika kukhosi mofulumira kuposa mmene mwana angamezere, n'kusocherera ku njira ya mpweya. Iwe watengera ine, mkaka umakutsika mwamphamvu. Mchimwene wako, amene ndinamubereka tili kothawa nkhondo ku Dedza, mtendere wa 1992 usanabwere, anandiphunzitsa zimenezi mowawa. Usiku wina wa June, kukuzizira kwambiri, ndinamuyamwitsa ndili chigonere pamkeka, iye ali chagada, ine tulo tikundilemera. Ndinadzidzimuka ndi kaphokoso ka kukhosi kwake, nkhope yake itafiira, timanja titatambasuka, mkaka ukuyenderera m'mphuno. Mayi wina wachikulire amene tinkakhala naye anamulanda m'manja mwanga, namutembenuza chafufumimba pamkono pake, ndipo mwana anatsokomola n'kulira. Kuyambira tsiku limenelo ndinkadzuka n'kukhala tsonga nthawi iliyonse yoyamwitsa, ngakhale kutope bwanji, ndipo ndikupempha kuti nawenso uzitero pa miyezi yoyambirira ino.

Pomuyamwitsa, mutu wake uzikhala pamwamba kuposa mimba yake, khutu, phewa ndi chiuno zikhale pa mzere umodzi, ndipo mimba yake iyang'anizane ndi yako kuti asameze atapotoza khosi. Udikire atsegule kukamwa kwambiri ngati akuyasamula, kuti alowetse mbali yaikulu ya pakuda pa bere, osati nsonga yokha, chibwano chake chikhudze bere ndipo mlomo wam'munsi upindikire kunja. Mwana amene wagwira nsonga yokha amameza mpweya wambiri, ndipo mpweyawo pobwerera umakankha mkaka. Ukamva mawere atalimba, makamaka m'mawa, yamba wafinyira mkaka pang'ono m'kapu yoyera kuti mphamvu yoyamba ija ichepe, kenako utsamire chambuyo pang'ono mwana ali pamwamba pa chifuwa chako. Ukaona kuti akumeza mopupuluma kapena akutsokomola, lowetsa chala chaching'ono choyera pakona ya kamwa lake, umuchotse ku bere, apume, kenako apitirize. Ndiponso usadikire kuti alire kaye. Akayamba kuyamwa zala ndi kutembenuza mutu kufunafuna bere, njala yafika kale, pakuti mwana amene walira nthawi yaitali amayamwa mwaphuma ndipo amakhala atameza kale mpweya.

Ndikudziwa kuti pakhomo ntchito siitha, koma mphindi za pambuyo pa kuyamwitsa usazichitire umbombo. Umugeyetse posintha bere ndiponso akamaliza, atatsamira pa phewa lako iwe ukumusisita pamsana, kenako umunyamule choimika kwa mphindi 20 kapena 30. Usamudumphitse, usamumange thewera lothina pamimba, ndipo ukamubereka kumsana atangoyamwa usakoke kapulana mwamphamvu. Tulo tikamugwira umugoneke chagada pamalo osafewa kwambiri, popanda pilo. Ndikudziwa kuti anthu ena akuuza kuti chagada atsamwa ndi zimene wabweza, ndipo inenso kale ndinkaganiza choncho, koma anamwino amaphunzitsa kuti khanda lathanzi limameza kapena kutsokomola lokha, pamene kugona chafufumimba ndiko kumawonjezera ngozi ya imfa yadzidzidzi m'tulo.

Tsono pali nkhani ya madzi ndi phala, imene ndikudziwa kuti yafika kale pakhomo panu. Kutentha kwa ku Tete ndikukudziwa, kuja kwa October ndi November kumene munthu amatuluka thukuta atakhala pamthunzi m'mbali mwa Zambezi, ndipo alipo amene adzati mwana ali ndi ludzu, mum'patse timadzi, kapena kuti akubweza chifukwa mkaka ndi wopepuka, mum'yambitse phala. Uwayankhe mwaulemu, koma usalole. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ndi la UNICEF amalangiza kuti mwana ayamwe bere lokha kwa miyezi 6, ndipo mkakawo uli ndi madzi okwanira ngakhale kutenthe chotani. Chofunika ndi kumuyamwitsa pafupipafupi, iwe n'kumamwa madzi ambiri. Mankhwala a zitsamba omuthira kukamwa ndi supuni ali chagada amatha kutsamwitsa mwana, ndipo ngati kukana kukukuvuta, uziti mayi anga ndiwo aletsa.

Ukadzabwerera ku ntchito n'kumasiya mkaka wofinya, umuonetse mtsikanayo ndi manja ako mmene angam'mwetsere. Ngati ndi kapu, mwana akhale choimika, kapu ingokhudza mlomo wam'munsi kuti azimwa yekha pang'onopang'ono, osamuthira kukamwa. Ngati ndi botolo, ulizondotse uone: mkaka uzidontha, usamayenderere, ndipo wina asakulitse bowo ndi singano pofuna kuti mwana amalize msanga. Botolo lisachirikizidwe ndi nsalu mwana n'kusiyidwa yekha, ngakhale kwa kamphindi kopita kukatseka mpopi.

Akatsamwa koma akutsokomola mwamphamvu kapena akulira, mpweya ukudutsa, choncho umudzutse, umuweramitsire kutsogolo pang'ono, atsokomole yekha. Usamuuzire mpweya kumaso kapena paliwombo monga tinazolowerera kumudzi, usamugwedeze, ndipo usapise chala kukhosi kwake. Koma akangoti zii, osalira, osatsokomola, milomo n'kuyamba kuda, umugoneke chafufumimba pamkono pako, mutu uli m'munsi, dzanja lako litagwira chibwano, um'menye ndi tsinde la chikhatho pakati pa mapewa kasanu. Zikakanika umutembenuze chagada, udinikize pakati pa chifuwa kasanu, n'kumabwereza zimenezi, uku wina akuthamangira galimoto yopita kuchipatala. Ukapitanso ku sikelo upemphe anamwino akuonetse ndi manja awo, amuna ako ali pomwepo, chifukwa zoterezi siziphunzirika bwino pa pepala.

Usagone naye m'nyumba mwana amene akusanza zobiriwira kapena zosakanikirana ndi magazi, amene masanzi ake akuthovoka mwamphamvu n'kukagwera patali nthawi iliyonse akayamwa, amene watentha thupi, akukana bere, akupuma mobanika, liwombo lalowa m'kati, kapena akutsokomolabe ndi kulira m'chifuwa atatsamwa. Ameneyo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ukhale usiku, ndipo usayambe waimbira ine foni kufunsa maganizo. Udzandiimbire uli kale m'njira.

Tikamaliza kukumba mbatatesi za kudimba ndidzakwera chapa ya m'mawa kudzakhala nanu masabata awiri, kuti usiku tizisinthana kumunyamula iwe uzigonako. Bambo ako akupereka moni kwa apongozi awo, ndipo akuti uwatumizire chithunzi cha kadi la sikelo aone mmene mdzukulu wawo akukwerera.

Ndine mayi ako.