Lipoti la msonkhano: zoti tikafunse dokotala tisanasinthidwe bondo kapena chiuno

A wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la odwala nyamakazi,

Munandituma kumsonkhano wa anthu amene akudikira opaleshoni ya bondo kapena chiuno, ndipo ndabwerako. Amene anatiyankhula ndi dokotala wa mafupa pamodzi ndi mayi wina wa mafizo. Ndinanyamuka ndi funso limodzi lomwe ambiri a inu munandipatsira, lakuti kodi chitsulo chimene amaika m'malo mwa bondo kapena chiuno chimakhala zaka zingati m'thupi. Yankho lake silinachedwe: zambiri zimapitirira zaka 15, zina mpaka 25. Chotsalacho ndi chimene chinanditsegula maso, chifukwa funso lathuli si limene dokotala ankafuna kuti tiyambire.

Iwo anati munthu ayambe wafunsa kuti: ndikapanda kuchitidwa opaleshoni pano, chichitike n'chiyani? Nyamakazi yotha mafupa sipha, ndiye ena akhoza kudikira kaye akuchita mafizo, kuchepetsa thupi ndi kumwa mankhwala opha ululu. Wachinyamata akafulumira, chitsulo chikhoza kudzatha iye akadali moyo, ndipo opaleshoni yachiwiri imavuta kuposa yoyamba. Koma kudikiritsa nako kumafooketsa minofu. Apa ndiye pofunika kumva maganizo a dokotala ataona ekiselo yanu, osati ya mnzanu.

Tinakhalitsa pa nkhani ya mankhwala. Amene mumamwa warfarin kapena aspirin, mankhwala oletsa magazi kuundana, funsani ngati musiye, ndi tsiku loti musiyire, musasiye panokha. A shuga, funsani mlingo umene akufuna shuga afike asanakupatseni tsiku, popeza shuga wokwera amachedwetsa bala kupola ndipo amaitana matenda. Fodya chimodzimodzi. Mankhwala azitsamba nawo muwatchule, musachite manyazi. Chimene sindinkachidziwa ine n'chakuti dzino lobowoka kapena chilonda chapakhungu chikhoza kuimitsa opaleshoni, chifukwa tizilombo tikafika pachitsulo timavuta kuchotsa.

Za zipangizo tinangodutsamo. Pamakhala chitsulo, pulasitiki yolimba, nthawi zina seramiki. Zina amamata ndi simenti ya mafupa, zina fupa limadzagwira lokha. Funsani chimene akusankhirani ndi chifukwa chake, basi. Funsaninso ngati adzakugonetseni kapena kukubayani jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi.

Bambo wina anadzuka n'kufunsa dokotala kuti amachita maopaleshoni otere angati pa chaka. Ine ndinachita kuzizidwa, ndimati akhumudwa. Ayi ndithu, anayankha bwinobwino, n'kuwonjezera kuti tizifunsanso amene adzagwire mpeni tsikulo, ngati ndi iwo kapena wina.

Zoopsa sanabise. Bala likhoza kulowa matenda, magazi akhoza kuundana m'mwendo, chiuno chatsopano chikhoza kuguluka, mwendo wina n'kutalikirapo pang'ono. Mwa anthu osinthidwa bondo, pafupifupi mmodzi mwa asanu amamvabe kupweteka kwina pakatha miyezi. Nchifukwa chake muyenera kufunsa zizindikiro zoti mukaziona muthamangire kuchipatala, monga kutupa kwa katumba, kubanika, kutentha thupi kapena bala lotuluka mafinya.

Mayi wa mafizo ndiye anandigwira mtima. Anati tisamafunse kuti ndidzachira liti, koma titchule chimene tikufuna kudzachita: kugwada, kunyonyomala, kukwera masitepe, kubwerera kuntchito. Kugwada kumavuta ambiri osinthidwa bondo, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Kuyenda ndi ndodo amayambitsa tsiku lomwelo kapena mawa lake, pomwe kuyendetsa galimoto ambiri amadikira masabata ngati 6.

Pempho langa ndi lakuti pamsonkhano wathu wotsatira aliyense abwere ndi pepala lolembapo mankhwala onse amene amamwa, ndi zinthu zitatu zimene akufuna kudzachita akachira. Tidzasankhanenso operekeza, woti azikalemba mayankho mwini wake akuyankhula ndi dokotala.

Ine nthumwi yanu.