Amayi anga sakutamba, akudwala

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za amayi anga kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique. Chaka chatha anayamba kuthira mchere kawiri mu ndiwo, kenako tsiku lina tinakawapeza pa msewu wa ku Dedza atasenza kamtolo ka zitenje, akuti tithawe asilikali akubwera, chonsecho nkhondo inatha kale mu 1992. Pa mjigo anthu ayamba kunong'ona kuti nkhalamba imeneyi ikutamba. Zimandiwawa zedi.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi dementia, matenda a muubongo oiwalitsa zinthu, ndipo adokotala atafunsa za ubwana wawo ndinachita kugwetsa misozi. Amayi anakula amasiye nthawi ya Apwitikizi, sukulu sanaipondeko, kugona ndi njala kapena kudyera gaga kunali kwa masiku onse. Ubongo wa mwana umakula kwambiri zaka zoyambirira, ndiye ukasowa chakudya sumangika bwino, komanso mantha osatha amachulukitsa cortisol, timadzi timene thupi limatulutsa munthu akapanikizika maganizo, ndipo tikachuluka timafooketsa mbali ya ubongo yosunga zokumbukira. Akatswiri a magazini ya zaumoyo ya The Lancet mu 2024 anatchula zinthu 14 zoti titazipewa pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa angapeweke kapena kuchedwa kubwera, ndipo cha ku ubwana pa zimenezo ndi kusaphunzira. Sikuti aliyense wovutika ali mwana adzadwala ayi, koma chiopsezo chimakwera.

Chomwe chikundisowetsa tulo ndi ifeyo. Ife ana a nkhondo ya 1977 mpaka 1992, amene tinali m'gulu la anthu pafupifupi 1 miliyoni othawira ku Malawi, tinakulira m'makampu a ku Dedza ndi Ntcheu pa mzere wa ufa ndi nandolo, ena anaona makolo awo akuphedwa, sukulu zathu zinatenthedwa, pano tikupitirira zaka 40 ndi 50 ndipo ambiri BP kapena shuga sitinayezetsepo, pomwe nazonso zimawononga ubongo. A zaumoyo m'chigawo cha Tete, chonde tiyezeni m'midzi momuno, musaiwale ndi makutu omwe, poti kusamva bwino nakonso kuli pa zinthu 14 zija. Mafumu ndi azibusa lankhulani msanga agogo ena asanaponyedwe miyala. Nanga ana amene akuweta ng'ombe ndi kusoka fodya ku Macanga nthawi ya sukulu, tikuwakonzera ukalamba wotani?

Dzulo amayi anandiitana dzina la mlongo wawo amene anamwalira ali ana. Ndinangoyankha kuti wawa, n'kuwafunditsa bulangete.

Wowerenga wanu,
Ulongwe, Angónia