Lipoti la msonkhano wa opanga magemu: zimene ndabwera nazo za Little Nightmares

Kwa a wapampando ndi mamembala onse a gulu lathu,

Munandituma ku msonkhano wa opanga magemu ku Johannesburg nditanyamula funso limodzi. Anthu akamayesa gemu yathu ya Kamdothi amangodina batani n'kudumpha mawu onse amene tinalemba pa sikirini, ndiye nkhani ija tiifikitsa bwanji kwa wosewera? Kumeneko kunakambidwanso za ndalama, za msika ndi za zida, koma zimenezo ndidzafotokoza pakamwa tikakumana. Pano ndalemba za chigawo chimodzi chokha, chimene chinakhudza funso lathu mwachindunji. Chinali chokambirana magemu a Little Nightmares, njira zimene amabwerezabwereza pofotokoza nkhani ndiponso posewera.

Kwa amene simunawasewerepo: ndi magemu a mtundu wa puzzle platformer, othamanga, kudumpha, kukwera, kwinaku ukuganiza njira yotulukira m'chipinda. Yoyamba inatuluka mu Epulo 2017, yopangidwa ndi Tarsier Studios ya ku Malmö m'dziko la Sweden, ndipo wofalitsa ndi Bandai Namco. Yachiwiri inatuluka mu Febuluwale 2021 kuchokera kwa anthu omwewo. Yachitatu, ya mu Okutobala 2025, inapangidwa ndi kampani ina, Supermassive Games ya ku England. Mu ziwiri zoyambazo mulibe wolongosola nkhani, mulibe kucheza, ndipo pa sikirini palibe kamzere kosonyeza moyo umene watsala. Komabe amene anasewera amaidziwa nkhani, mpaka amakangana nayo.

Wotsogolera zokambirana anayamba ndi chitseko. Six, kamtsikana ka zaka 9 kovala jekete lamvula lachikasu kamene umakayendetsa m'gemu yoyamba, kali m'chombo chachikulu cha m'nyanja chotchedwa The Maw. Chilichonse mmenemo n'chachikulu kuposa iye. Kuti atsegule chitseko amayamba wakoka mpando kapena sutikesi, kukwerapo, kudumpha, n'kulendewera pa chogwirira mpaka kulemera kwa thupi lake kuchitsitse. Kiyi amanyamula ndi manja awiri, ndipo akanyamula sangakwere. Palibe pamene analemba kuti mwanayu ali m'dziko limene silinapangidwire ana. Zala zako zimadziwa zokha, chifukwa chinthu chimene wamkulu amachita osaganiza n'komwe, iwe chikukutengera thukuta.

Zilombo nazo anazimanga chimodzimodzi, chilichonse ndi lamulo lake limodzi limene umaliphunzira pochiona. Janitor ndi wakhungu, miyendo ndi yaifupi koma manja ndi aatali zedi, ndipo amasaka ndi makutu. Ukaponda pa matabwa amalira, iye n'kutembenuka. Ukayenda pa kapeti sakumva. Pali kachidole ka nyani woomba zitsulo kamene umakaponya uko kuti iye apite komweko, iwe n'kudutsa. M'gemu yachiwiri, mphunzitsi amatalikitsa khosi kukusuzumira pansi pa madesiki, ndipo zidole za m'chipatala zimayenda mumdima wokha, ukaziwalitsa ndi tochi zimauma pomwepo. Chilombo ndi chinsinsi choti umasule n'chinthu chimodzi. Ife mu gemu yathu tinazilekanitsa, apa pali choopsa, apo pali chomasula, n'chifukwa chake zigawo zathu zina zimaoneka ngati zongolumikiza.

Kenaka tinafika pa njala. Six imamugwira kangapo m'gemu yoyamba. Amagwira pamimba, kuyenda kumachepa, ndipo iwe wogwira batani umamva kuti mwana uja sakumveranso bwino. Koyamba amadya buledi amene mwana wina wamuponyera. Kenaka nyama imene aitchera ngati nyambo. Kenaka khoswe wamoyo. M'njira monsemo mumakhala tizolengedwa tating'ono ta zipewa zosongoka, ma Nome, ndipo gemu imakulola kutinyamula n'kutikumbatira. Ndiye pamene njala yafika poipa, ka Nome kena kamatambasula dzanja kumupatsa soseji. Six amasiya sosejiyo n'kudya ka Nome komweko. Amene anasewera zigawo zowonjezera za Secrets of the Maw amadziwa choposa apa: mnyamata amene umamuyendetsa m'zigawozo amasandutsidwa Nome pomaliza, ndipo amakathera m'chipinda cha soseji chija. M'holo monse munangoti zii pamene anaonetsa zithunzi ziwirizo motsatizana, ngakhale ambiri analidziwa kale.

Koma chimene ndikufuna tichikumbe kwambiri ndi dzanja la m'gemu yachiwiri. Kumeneko umayendetsa Mono, mnyamata wovala thumba la pepala kumutu, ndipo Six amayenda nawe moyendetsedwa ndi kompyuta. Batani logwirira zinthu ndi lomwelonso logwirira dzanja la Six. Sukakamizidwa kumugwira, koma anthu ambiri amamugwirabe podutsa malo amdima. Ndipo pakakhala phompho lalikulu, Six amayamba kuwoloka, n'kugwada kutsidyako atatambasula dzanja. Iwe umathamanga, kudumpha, iye n'kukugwira m'malere, n'kukukoka. Zimenezi zimachitika mobwerezabwereza mpaka umasiya kuchita mantha. Ukaona dzanja lija umangodumpha. Pamapeto, nsanja ya Signal Tower ikugumuka, mlatho waduka, Six ali kutsidya. Umadumpha monga mwa masiku onse. Amakugwira. Amakuyang'ana kwa kanthawi, n'kukutaya. Mono amagwera pansi, amakhala pa mpando yekhayekha, zaka n'kumapita, mpaka amasanduka Thin Man, munthu wamtali amene Mono yemweyo ankamuthawa m'mbuyomo.

Anzanga, apa m'pamene pali yankho la funso lathu. Akanalemba pa sikirini kuti Mono ankamukhulupirira Six, tikanadumpha mawuwo ngati mmene anthu amadumphira athu. Iwo anaphunzitsa chala cha wosewera kukhulupirira, kwa maola, kenaka n'kuchipereka. Zimapweteka chifukwa amene anadumpha ndiwe.

Sikuti onse anangowomba m'manja. Panabuka mtsutso pa nkhani ya kufa. M'magemu awa muli malo ambiri amene sungadziwe kuti pali msampha mpaka utakupha, kenaka n'kuyambiranso. Ena anati ndi mmene mtunduwu ulili kuyambira pa Limbo ya mu 2010 ndi Inside ya mu 2016, zonse za Playdead ya ku Copenhagen, ndipo imfa ndiye mphunzitsi. Mayi wina wopanga magemu anakana. Anati chilombo chikakugwira koyamba umanjenjemera, kachisanu umatukwana, kakhumi umangowerenga masitepe, ndipo mantha onse aja atha. Ine ndili mbali ya mayiyu. Makamaka pa zigawo zothamangitsana, vuto limakula chifukwa kamera imakuonera chammbali koma chipinda chili ndi mkati ndi kunja, ndiye umaphonya thabwa osati chifukwa sunaganize, koma chifukwa diso silinathe kuyeza mtunda. Imfa yotere siphunzitsa kanthu. Pa foni, kumene osewera athu ambiri adzakhale, zingaipe koposa.

Mfundo ina inali ya kutopetsa kwa chikombole chimodzi: mwana wamng'ono wosalankhula, mdima, akuluakulu oipa, ndi mapeto okudzidzimutsa. Aliyense akuumbira mmenemo tsopano. Za gemu yachitatu sitinakhalitsepo. Muli ana awiri, Low wa uta ndi mivi ndi Alone wa sipanala, ndipo anthu awiri angathe kusewera limodzi pa intaneti. Wina anafunsa funso limene ndalikonda: ngati mnzako wa m'gemu ndi munthu weniweni amene mukuseka naye pa foni, kodi kusungulumwa kuja kungakhalepobe? Anthu anagawanika, ndipo nthawi inatha asanagwirizane.

Popeza tinali ku Johannesburg, sakanalephera kutchula Semblance, imene inatuluka mu 2018 kuchokera ku kampani ya komweko ya Nyamakop. M'gemu imeneyi nthaka ndi yofewa, umaigunda n'kuipinda kuti ikhale pokwerera, ndipo thupi la amene ukumuyendetsa limaphwatalala n'kusintha maonekedwe. Ilibe mdima wa Little Nightmares ngakhale pang'ono, koma nayo sidalira mawu. Inafika mpaka pa makina osewerera magemu a Nintendo Switch. Kwa ife opanga gemu ya mwana wadothi, iyi ndi yofunika kuiona ndi maso athu.

Tsopano za Kamdothi. Nthano yathu ili kale ndi lamulo limene opanga magemu ena amasowa tulo kulifunafuna: mwana woumbidwa ndi dothi, mvula isamukhudze. Ife tinalibisa lamulolo pansi pa ndime zitatu za mawu oyamba, kenaka m'gemu mwenimweni dontho limodzi likamugwera amafa nthawi yomweyo n'kuyambiranso. Ndikupempha kuti tisinthe zimenezi. Dontho lisamuphe, limuchotse pang'ono. Afupike, alephere kufikira nthambi imene poyamba amaifikira, mapazi asiye matope pamene waponda. Nthawi zina kufewako kumuthandize kulowa pa kampata ka mpanda pamene wouma sangadutse, kuti wosewera azisankha yekha kuti ataya thupi lochuluka bwanji. Tsamba la nthochi alinyamule ndi manja awiri, ndipo akalinyamula asathe kukwera.

Amayi ake nawo tiwachotse m'mawu olembedwa. M'nthano amamuitana poimba mitambo ikayamba kuda. Liwu limenelo likhale kampasi ya wosewera: pafupi ndi nyumba limveke bwino, akamatsatira anzake kutali lizizimiririka. Ndipo nthawi iliyonse akafika pakhonde, amayiwo amutenge n'kumumata dothi latsopano pamene pagumuka, wosewera akuona, dzanja ndi dzanja. Tikachita zimenezi m'zigawo zonse zoyamba, chigawo chomaliza sichidzafuna chiganizo ngakhale chimodzi.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mukufuna tisinthe mapeto kuti adzidzimutse anthu. Ine ndikukana, ndipo ndidzakana pamsonkhano. Little Nightmares inayenera kubisa mapeto ake chifukwa nkhani yake inali yatsopano kwa aliyense. Yathu ambiri anaimva ali ana, ndipo akudziwa kumene ikupita. Wosewera wodziwa kuti mwanayu adzasungunuka, koma n'kumamuthamangitsabe kuti mwina ulendo uno afika, ali ndi chimene anzathu aku Sweden sakanatha kupatsa osewera awo.

Zofunika kuti gulu ligamule ndi izi. Choyamba, Little Nightmares yoyamba inatulukanso pa mafoni a Android ndi iPhone mu Disembala 2023 kudzera ku kampani ya Playdigious. Ndi yogula, ndiye ndikupempha msungichuma aone ngati thumba lingalole kuti tigule imodzi pa foni ya gulu, tione mmene anaikira mabatani pa sikirini yaing'ono. Chachiwiri, ojambula ndi olemba pulogalamu atiuze ngati kufupika kwa Kamdothi kungatheke osajambulanso zigawo zonse. Chachitatu, tipeze mayi woti aimbe liwu loitana, ndipo tikambirane zomulipira tisanamujambule mawu.

Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa msungichuma. A mlembi, chonde ikani nkhani ya mapeto koyambirira kwa ndondomeko ya msonkhano ukubwerawu, chifukwa idzatenga nthawi.

Ine wanu,
Nthumwi ya gulu